Ndikufuna kukayesedwa laisensi pa Peugeot 504 ya malemu bambo anga

Mphunzitsi wa ku Bangula
Mwaswera bwanji nonse. Ndakhala pa gulu pano nthawi yaitali ndikungowerenga, lero ndabwera ndi yanga ndipo ndikupempha nzeru.

Bambo anga anatisiya chaka chatha. Mwa zomwe anasiya muli Peugeot 504 ya pikapu, ya 1984, ija ya giya ya pa chiwongolero. Abale atakhala pansi anati ikhale m'manja mwanga poti ndine ndili pakhomo ndi mayi, achimwene ali ku Blantyre, wamng'ono wathu ali ku Joni. Nthawi imeneyo sindinkadziwa n'komwe kuliza galimoto. Amalume ndiwo akhala akundiphunzitsa pa bwalo la mpira la pasukulu pathu, madzulo ana akaweruka. Timaimika migolo inayi, ine n'kumabwerera m'mbuyo pakati pake mpaka khosi kuwawa. Panopa ndimachoka pa Bangula kukafika ku Ngabu, amalume ali pambali, L kutsogolo ndi kumbuyo.

Pa holide yapitayi ndinakalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto ku Blantyre, ndipo za Highway Code ndinakhoza kale. Koma kagalimoto ka kusukuluko ndi ine sitikumvana. Klatchi yake ndi yofewa, ndikangoti ndinyamule phazi kazima. Chiwongolero ndikangochikhudza kakhota kale. Dzanja lamanzere limangothamangira pa chiwongolero kukafuna giya, pomwe giyayo ili pansi. Ndikabwerera mu 504 chilichonse ndimachipeza pamalo pake.

Mtima wanga ukufuna ndikayesedwe pa galimoto ya bambo. Ndi imene ndiziyendetsa tsiku ndi tsiku, kukatenga mapira kumunda, kupita ndi mayi kuchipatala. Alipo anachitapo zotere? Ndikonze chiyani? Kapena ndikudzivuta chabe?

Mnyamata wa pa Nchalo
Pepani ndi imfa ya bambo, aphunzitsi. Koma ndikuuzeni mosabisa, tengani ya kusukulu. Tsiku la mayeso mtima umagunda kale wokha, ndiye muwonjezerepo nkhawa yoti injini izima kapena iwira? Laisensi mukatenga palibe adzakufunseni kuti munayesedwa pa galimoto yanji. 504 idzakudikirani pakhomo.

Mayi wa geni ya nsomba
Ine ndikugwirizana ndi mnyamatayu. Ndalama yokonzera galimotoyo ndi mafuta opitira ku Blantyre bwenzi mutalipira masabata ena awiri kusukuluko mpaka kagalimotoko mutakazolowera.

Makaniko wa pa Dyeratu
Dikirani kaye anthuni, musamugwetse mphwayi mwana wa eni. Achemwali, ndiyankheni izi ndisanalankhule zambiri. Ndi ya petulo kapena ya dizilo? COF, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshuwalansi zinatha liti? M'mawa imalira yokha kapena mumaikankha? Ndipo chachikulu kwa ife a kuno: nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 inali pati, madzi anaifika pati?

Mphunzitsi wa ku Bangula
Ndi ya petulo, bambo. COF inatha bambo akudwala, sitinakonzenso. Inshuwalansi achimwene analipira. M'mawa ndimakoka choki, imalira kachiwiri kapena kachitatu, koma ikatentha n'kuizimitsa imavuta kulira, nthawi zina ana asukulu amandikankha. Za Freddy, madzi anafika pakati pa matayala, inakhala choncho masiku awiri. Madzi atangophwera bambo anayamba kunyamulira anthu ndi katundu wawo kupita kumisasa, osalipiritsa. Anthu a kuno amaidziwa galimoto imeneyi.

Makaniko wa pa Dyeratu
Chabwino. Ndiye mverani, ndilemba zambiri, mundipirire.

Yambani ndi kufunsa. Pitani kwa aphunzitsi anu a kusukulu yoyendetsayo, komanso ku Road Traffic komwe mukayesedweko, muwauze maso ndi maso kuti mukufuna kubwera ndi galimoto yanu, ya mtundu wakutiwakuti, ya chaka chakutichakuti. Akuuzeni okha zomwe akufuna musanaononge ndalama. Musadalire za pa gulu pano zokha, ngakhale zangazi.

Tsono za galimotoyo. Zomwe ndikuuzeni muyenera kukonza ndithu, kaya mukayesedwa nayo kaya ayi, chifukwa popanda COF simungaiike pamsewu, ndipo mwati muzinyamula mayi.

Poti inaima m'madzi, tsegulani difu, kabokosi ka magiya kamene kali pakati pa matayala akumbuyo, muone oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi, akhetseni onse, chimodzimodzi mu giyabokisi. Kumbuyo kwa pikapu imeneyo kuli mabuleki a dramu. Matope a Shire akalowamo amauma n'kukhala ngati simenti, ndipo chingwe cha handibuleki chimachita dzimbiri m'kati mwa chikopa chake. Mumakoka chogwirira mpaka kumapeto koma matayala sakugwira. Kuno simungazindikire chifukwa dziko lathu ndi lathyathyathya ngati mphasa. Mukazindikira muli pa mtunda ku Blantyre, kumbuyo kwanu kuli minibasi.

Buleki fuluwidi amayamwa chinyezi pakapita zaka. Akatentha amawira, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Sinthani yense, muonenso timapaipi ta labala topita kumatayala ngati tang'aluka.

Zoti ikatentha imavuta kulira, pa galimoto za kabuleta kuno kwathu si zachilendo. Petulo amasanduka mpweya m'paipi chifukwa cha kutentha. Koma onaninso mapointi, kondensa, koyilo ndi zingwe za batire. Tsiku la mayeso kulibe ana asukulu okukankhani. Mukonzetsenso aidolo kuti isamazime mukaima pa mphambano.

Kenako rediyeta. Funso langa: mumathiramo madzi a kuti?

Mphunzitsi wa ku Bangula
A pa mjigo wa pafupi ndi nyumba. Bambo ankathira omwewo.

Makaniko wa pa Dyeratu
Ndinadziwa. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, mwalawa nokha. Mcherewo umakhala m'timipata ta rediyeta n'kumatseka pang'onopang'ono, umadyanso mutu wa injini. Galimoto imayenda bwinobwino pa Bangula ndi Ngabu chifukwa palibe chokwera, koma ikangoyamba chitunda cha Thabwa popita ku Blantyre singano ya kutentha imathamangira kofiira. Magalimoto ambiri amene mumawaona atatsegula boneti pa Thabwa matenda ake ndi amenewa. Itsitseni rediyetayo, aitsegule aitsuke, kenako muzithira kulanti, madzi aja apadera a rediyeta, mukasowa bola madzi a mvula otchezera bwino. Lamba wa fani mugule watsopano, wakaleyo muike kuseri kwa mpando.

Dalaivala wa thiraki ya nzimbe
Amakaniko anena mawu amene ndimafuna kunena, oti kwathu kuno n'kwathyathyathya. Achemwali, vuto lanu lalikulu si galimoto, ndi mtunda. Mwaphunzirira pa bwalo la mpira ndi pa M1. Kodi munaimapo pa chitunda, n'kunyamukanso osabwerera m'mbuyo? Blantyre yonse ndi zitunda. Woyesa akakuimitsani pokwera, ndipo galimoto ikabwerera m'mbuyo, kaya ndi 504 kaya ndi Vitz, nkhani ndi imodzi.

Handibuleki ikakonzedwa, pitani ndi amalume kumunsi kwa Thabwa m'mamawa magalimoto asanachuluke, mupeze malo owongoka amene mukuoneka patali. Imani, kokani handibuleki, giya wani, nyamulani klatchi mpaka mumve injini yasintha mawu ndipo mphuno ya galimoto ikufuna kudzuka, onjezani moto pang'ono, kenako tsitsani handibuleki. Chitani kakhumi, kakhumi kawiri, mpaka mwendo uleke kunjenjemera. 504 pa zimenezi ndi yokoma, injini yake siizima msanga ngati tatsopanoti.

China. Kuno zomwe mumapewa ndi ng'ombe za pa Ngabu, ngolo, mbuzi ndi a kabaza. Ku Blantyre ndi ma raundabauti, maloboti ndi mizere ya pamsewu. Pa Chipembere Highway muyenera kudziwa mzere wanu musanafike pa raundabauti, ndipo wochokera kudzanja lanu lamanja mumamupatsa mpata. Zimenezi pa Bangula simungaziphunzire.

Mnyamata wa pa Nchalo
Mwaona? Ndi zomwe ndikunena. Chiwongolero cha 504 n'chouma, chilibe pawa. Mumzinda, malo othina, mayi azipotokola ndi manja awiri thukuta lili kamukamu, woyesa akuyang'ana. Bwanji kudzisankhira njira yovuta?

Namwino wa ku East Bank
Achimwene a pa Nchalo, mawu oti "mayi azipotokola" sanandisangalatse. Akazi a kuno timapalasa njinga titanyamula thumba la makilogalamu 50, chiwongolero n'chiyani? Ndipo mwiniwake wanena kale kuti chimene chikumuvuta ndi chofewacho, osati choumacho. Timve zomwe munthu wanena.

Mnyamata wa pa Nchalo
Pepani asisi, sindimanyoza. Ndimangomufunira zabwino, asataye ndalama ya mayeso.

Agogo a ku Chiromo
Ana inu mwandikumbutsa kale. Ine ndinayendetsa matola zaka zambiri, pa 404 kenako pa 504, msewu wa ku Nsanje usanaone phula labwino limene mukuliona leroli. Galimoto imeneyo inatuluka ku France mu 1968, chaka chotsatira n'kusankhidwa kukhala galimoto yopambana ku Ulaya konse. Mu 1975 inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, m'matope ndi m'fumbi ngati lathu lomweli. Azungu atasiya kuipanga kwawo, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka zaka za m'ma 2000, chifukwa anthu a ku Africa kuno sanafune kuisiya. N'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe ukafufuza.

Mwana wanga, za chiwongolero chouma chinsinsi chake n'chimodzi. Usamachipotokole galimoto itaima. Ilole iyende pang'ono chabe, ngati kamwana kokwawa, chiwongolero chimapepuka chokha. Ndiponso matayala akutsogolo akhale ndi mpweya wokwanira. Pobwerera m'mbuyo pikapu ndi yabwino kuposa tagalimoto tatsopanoti, chifukwa ngodya zonse zinayi umaziona ndi maso ako.

Bambo ako sindikuwadziwa dzina, koma ngati ndi 504 yoyera ya pa Bangula ndiye ndinaionapo. Ikonze.

Mphunzitsi wa ku Bangula
Agogo, mwandiliza. Ndi yoyera, inde. Takhuta kwambiri.

Wa ku Nsanje boma
Ndiikepo yanga, mwina ithandiza. Ine ndinapita kukayesedwa ndi Nissan 1400 ya achimwene anga zaka zapitazo. Tinaitsuka, tinaipukuta mpaka kuwala. Woyesa asanakwere anaizungulira, n'kundiuza kuti ndiponde buleki. Getsi limodzi la kumbuyo silinayake. Anati ndiyatse indiketa, m'malo mophethira indiketa yokha, magetsi onse a kumbuyo anayamba kuphethira limodzi. Anandibweza pomwepo, sindinayendetse ngakhale mita imodzi. Ndipo sanalakwitse, kulakwa kunali kwathu. Vuto linali waya wa efi amene anachita dzimbiri, chinthu chokonza mphindi khumi. Ndinataya tsiku, ndalama ya ulendo, ndi malo ogona.

Ndiye usiku woti mawa mayeso, wina aime kumbuyo, wina kutsogolo, muyese getsi lililonse. M'mawa mwake muyesenso. Mutenge mababu apadera ndi mafyuzi m'thumba. Hutala ilire. Ma waipa ayende ngakhale kuli dzuwa. Chitseko cha mbali ya woyesa chitseguke m'kati ndi kunja komwe, osati zija zotulutsa dzanja pa windo. Lamba wa mpando wake agwire. Singano ya liwiro iziyenda.

Makaniko wa pa Dyeratu
Zoona zonsezo. Ndiwonjezere matayala. Musangoona kuti mano alipo. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere umene umayamba ndi zilembo za DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2314 ndiye kuti ndi sabata ya 23 mu 2014. Tayala lakale chotero, ndi dzuwa la kuno lofika madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, limakhala litang'aluka m'mbali ngakhale mano ali onse. Limaphulika pa phula lotentha. Ma triangle, jeke ndi sipeya zikhalemo.

Mayi wa geni ya nsomba
Ndiye zonsezi ndalama zingati? Aphunzitsi malipiro ake tonse tikuwadziwa. Ine nkhawa yanga ndi imeneyo basi.

Mphunzitsi wa ku Bangula
Mayi, nkhawa yanu ndi yanganso. Ndakhala nayo usiku wonse. Koma ndaona kuti zomwe atchula amakaniko si za mayeso, ndi za moyo wa aliyense amene akwere galimotoyi. Ndikanatenga laisensi pa ya kusukulu, n'kubwera kudzanyamula mayi pa galimoto yopanda handibuleki, ya matayala a zaka khumi, osadziwa kanthu. Ndalankhula ndi wamng'ono wathu wa ku Joni, wati matayala awiri agula iye. Achimwene a ku Blantyre ati za COF ndi zawo. Ine ndigulitsa mbuzi ziwiri pa za mabuleki ndi rediyeta. Ndipita pang'onopang'ono, mwezi uno ichi, mwezi wamawa icho.

Ndifotokozenso chifukwa chake ndaumirira, poti ena mukuona ngati ndi kuuma mutu chabe. Ndili mwana bambo ankandikhazika pakati, iwo uku amalume uku, tikupita ku msika wa thonje. Giya ya pa chiwongolero imasiya malo a munthu wachitatu. Ndinkayang'ana dzanja lawo likukokera kachitsulo kaja kwa iwo, kukweza, kutsitsa, ndipo ndinkadziwa kuti asintha giya ndisanaone dzanja, pongomva kulira kwa injini. Ankati ndikadzakula adzandiphunzitsa, koma anaphunzitsa anyamata okha, ine ndinapita ku koleji ya uphunzitsi, nthawi n'kutha. Atagonekedwa m'chipatala anandiuza kuti makiyi ali m'thumba la jekete, ndisalole galimoto igone pa mawe. Pa chiwongolero pali malo awiri osalala pomwe ankagwira. Manja anga amagwira pomwepo.

Namwino wa ku East Bank
Asisi, pitirizani. Ife a tsidya lino tikudziwa kufunika kwa pikapu yamoyo pamudzi, mayi woyembekezera akadwala usiku mvula ikugwa.

Mnyamata wa pa Nchalo
Ndamva aphunzitsi. Maganizo anga sanasinthe kwenikweni, koma pempho langa ndi limodzi. Musasiye kuphunzira pa ya kusukulu ija. Tsikulo 504 ikadzakana, mudzakhale ndi pothawira.

Dalaivala wa thiraki ya nzimbe
Apa mnyamatayu wanena zanzeru. Gwirani zonse ziwiri.

Mphunzitsi wa ku Bangula
Ndabweranso patapita masabata asanu, ndikuuzeni pomwe tafika.

Ndinakafunsa monga munandiuzira. Anandiuza kuti galimoto ikhale ndi mapepala onse amoyo, ikhale yoyenera pamsewu, ndipo woyesa akaiona kuti siili bwino sakwera. A kusukulu anavomera kuti masiku omaliza mlangizi wawo azikwera nane mu 504 kuti andizolowetse misewu ya mumzinda.

Galimoto tinapita nayo ku galaja. Amakaniko a pa Dyeratu, zonse munanena zinapezeka. Oyilo wa mu difu anatuluka ngati phala la mkaka. Atatsegula dramu ya kumanzere munagwa dothi louma lodzaza manja awiri, chingwe cha handibuleki chinali chitagwirana ndi dzimbiri moti anachita kuchidula. Rediyeta ataitsegula ndinaona ndi maso anga timipata tambiri titatsekeka ndi zoyerayera ngati laimu. Ndinaima pamenepo kuganiza maulendo onse amene ndinayenda ndi amalume kupita ku Ngabu.

Panopa imalira kamodzi, yozizira kapena yotentha. Loweruka lapitali tinadzuka 4 koloko kupita kumunsi kwa Thabwa. Ulendo woyamba ndinabwerera m'mbuyo pafupifupi mita yathunthu, amalume anachita kugwira dashibodi. Wachiwiri inazima. Pofika wachisanu ndi chitatu ndinayamba kumva mawu aja a injini amene adalaivala a nzimbe ananena, ndipo inanyamuka osagwedezeka. Tinachita mpaka dzuwa litatuluka.

Dalaivala wa thiraki ya nzimbe
Eya! Tsono za ulendo wokwera Thabwa yense. Nyamukani usiku kuti muwoloke mlatho wa Kamuzu kusanatenthe. Pokwera musaumirire giya yaikulu, injini ikayamba kulemedwa bwererani ku giya thu, iziyenda ikuimba. Diso limodzi pa singano ya kutentha. Ikakwera, patukani pamalo otakasuka, ndipo chivundikiro cha rediyeta musachitsegule ikadali yotentha, anthu apsa nkhope ndi zimenezo. M'makona musadule, khalani kumanzere kwanu, kumtunda kumatsika mathiraki ndi maminibasi amene simuwaona mpaka atafika.

Pobwerera ndiye pofunika kusamala koposa. Giya imene munakwerera ndi imene mutsikire. Musaichotse pa giya, musapondereze klatchi, musagoneke phazi pa buleki njira yonse. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muzingothandizira. Mukamva fungo la mabuleki, imani azizire. Ngati mtima sukukhazikika, ulendo woyambawu akwezeni ndi amalume, inu muziona. Palibe manyazi pamenepo.

Agogo a ku Chiromo
Ndipo woyesa akakwera umuuze mwaulemu kuti giya ili pa chiwongolero, aone kuti dzanja lako likachoka pa chiwongolero likupita kuti. Ena mwa achinyamatawa sanakwerepo yotere. Magalasi uziyang'ana moonekera, mutu uzitembenuka, asaganize kuti sukuyang'ana.

Wa ku Nsanje boma
Mababu apadera musaiwale!

Makaniko wa pa Dyeratu
Mukamadutsa pa Dyeratu imani, ndiione ndi maso anga. Sindikulipiritsani. Muimike pafupi ndi pomwe amagulitsa nthochi, mufunse galaja, aliyense akulozerani.

Mphunzitsi wa ku Bangula
Abale anga, ndalemba ndikufufuta katatu, manja akunjenjemera. Ndakhoza.

Ndiyambe poyambira. Tinanyamuka pa Bangula Lamlungu 3 koloko usiku. Pa Dyeratu amakaniko anatidikirira kunja kusanayere, ndi tochi m'manja. Anagona pansi pa galimoto pa katoni, anamanga kachitsulo kena ka ekizozi kamene kanali kolendewera, n'kutiuza kuti pitani. Munthu amene ndinali ndisanamuonepo nkhope. Thabwa ndinakwera ndekha, amalume ali chete pambali. Singano inafika pakati n'kukhala pomwepo mpaka pamwamba. Titafika pamwamba ndinapatuka, ndinatsika, n'kuyang'ana kumbuyo chigwa chonse chili pansi, Shire akunyezimira, minda ya nzimbe ili biriwiri uko. Ndadutsa pamenepo kambirimbiri pa minibasi koma sindinaimepo.

COF inatuluka Lachiwiri. Masiku otsatirawo ndinayenda ndi mlangizi wa kusukulu mumzinda, m'mawa pa 504, masana pa kagalimoto kawo, monga anandipempha achimwene a pa Nchalo. Ma raundabauti anandivuta masiku awiri oyamba. Ndinkachedwa kulowa, a kumbuyo n'kumaimba hutala. Mlangizi anandiuza kuti hutala ya munthu wina isandiyendetsere galimoto, ndilowe pamene ndaona mpata ine.

Tsiku la mayeso tinayesa magetsi kawiri. M'mawa babu la nambala ya kumbuyo linali litapsa. A ku Nsanje boma, ndinatulutsa lanu lija m'thumba.

Woyesa anaizungulira galimoto osalankhula. Anati ndiyatse magetsi, indiketa uku ndi uku, buleki, hutala, waipa. Anagwedeza chitseko chake, anakoka lamba. Kenako anafunsa kuti galimotoyi ndi ya ndani. Ndinati inali ya bambo anga, panopa ndi yanga. Ndinamuonetsa giya monga ananenera agogo. Anangogwedeza mutu n'kuti tiyeni.

Kubwerera m'mbuyo sikunandivute, ndinkangoona migolo ya pa bwalo lathu. Pa mtunda anandiimitsa pamalo otsetsereka kuposa pomwe ndinkayeserera, kumbuyo kukubwera galimoto ina. Ndinakoka handibuleki, inagwira nga! Ndinamvetsera injini, inasintha mawu, ndinanyamuka. Cholakwa ndinachita chimodzi. Pa mphambano ina ndinaiwala kubwerera ku giya wani, ndinafuna kunyamuka pa giya yachitatu, inazima. Mtima unapita kutali. Ndinakoka handibuleki, kuchotsa giya, kupotokola kiyi, inalira kamodzi. Ndinayang'ana magalasi, n'kupitiriza. Woyesa analemba kena kake pa pepala lake, ine n'kuti basi zatha. Titabwerera anandiuza za cholakwacho, anati ndizisamala posintha giya ndikaima, kenako anati ndakhoza.

Namwino wa ku East Bank
Lululululu! Asisi mwatiyeretsa kumaso akazi a m'chigwa chonse!

Mnyamata wa pa Nchalo
Aphunzitsi, ndavula chipewa. Ine ndi amene ndinkakana, ndipo ndakondwa kuposa onse. Mukamadutsa pa Nchalo imbani hutala.

Mayi wa geni ya nsomba
Mulungu ndi wabwino. Mbuzi zija sizinapite pachabe. Tsono tikambirane za ulendo wa Lachisanu lililonse, mitanga yanga ya nsomba ikuvutika pa kabaza.

Dalaivala wa thiraki ya nzimbe
Zabwino zonse achemwali. Nanga potsika Thabwa zinayenda bwanji? Ndi pomwe ndinali ndi nkhawa ine.

Mphunzitsi wa ku Bangula
Ndinatsika pa thu monga munanenera, adalaivala. Minibasi ziwiri zinandipitirira, ndinazisiya zipite. Pansi amalume anatsika kukagwira ma rimu, anali ofunda chabe. Titawoloka mlatho kutentha kwa kwathu kunatilandira, ndinatsitsa windo mpaka pansi.

Tinafika pa Bangula dzuwa likulowa. Mayi anamva kulira kwa injini tikadali kumsewu, anatuluka ndi chitenje m'manja. Sanandifunse za mayeso. Anazungulira mbali inayo, anatsegula chitseko okha, n'kukhala pa mpando umene akhala akukhalapo zaka zonsezi. Chimwalirireni bambo anali asanakweremo. Anati, "Ndiperekeze kwa azakhali ako, akaone." Ndi mtunda woti munthu amayenda wapansi mphindi zisanu. Tinapita pa galimoto, amalume atakwera kumbuyo.

Agogo a ku Chiromo
Takhuta, mwana wanga. Wandigonetsa tulo tabwino lero.

Makaniko wa pa Dyeratu
Mwachita bwino achemwali. Pakatha milungu iwiri mubwere nayo, chingwe chatsopano cha handibuleki chimatambasuka, tidzachikokenso pang'ono. Ndipo mvula yoyamba ikagwa muike mgolo woyera pansi pa malata, mutchezere madzi a rediyeta.